MGB yogona pansi pa mango ku Zomba: nambala kaye, chitsulo kenako, penti pomaliza

Kuseri kwa nyumba zina zakale za muno mu Zomba, zija zomangidwa tauni ino ikadali likulu la dziko, kumagona magalimoto oti anasiya kuyenda ana a pakhomopo asanabadwe. Matayala anaphwa kalekale, lona anang'ambika, masamba a mango anatseka paliponse podutsa madzi. Galimoto yotere ikakhala yaing'ono, ya mipando iwiri, yopanda denga lachitsulo, ndipo ndi ya ku Britain, kawirikawiri imakhala MGB. Fakitale ya MG ku Abingdon inaipanga kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo inatulutsa magalimoto opitirira theka la miliyoni. Kuchuluka kumeneku ndiye chipulumutso chake lero, chifukwa pafupifupi chipangizo chake chilichonse chikupangidwabe ndipo chimagulika.

Chimene chimaipha ndi kuyambira ntchito kumapeto. Munthu akaipeza, mtima umathamangira kuliza injini ndi kuipopera penti wofiira. Ndalama zimathera pamenepo, ndiye mvula ikagwa zaka ziwiri zitseko zimayamba kukana kutsekeka. Galimoto imeneyi imafuna muidziwe kaye kuti ndi iti, kenako muchize chitsulo cha m'munsi mwa zitseko. Injini ingathe kudikira.

Musanagwire sipanala, tengani mswachi wakale, palafini pang'ono ndi foni yojambulira. Kachitsulo ka nambala ya galimoto kamakhala pansi pa boneti. Pa zoyambirira kali pa khoma la mkati la kumanja, kutsogolo kwa redieta, ndipo pa zamtsogolo kali pa chitsulo chopingasa pamene boneti imakhomera. Tsukani ndi mswachi basi. Sandipepala amafufuta manambala, ndipo nambala yofufutika kapena yokhomedwanso imakubweretserani mafunso ku Road Traffic ndi kupolisi amene simungawayankhe.

Nambalayo imayamba ndi zilembo ngati GHN3. G ndi MG, H ndi kukula kwa injini, N ndi yopanda denga. Mukaona D m'malo mwa N, imeneyo ndi GT, ya denga lachitsulo, imene inayamba mu 1965. Nambala 3 ndi ya magalimoto a 1962 mpaka 1967, 4 ndi ya 1967 mpaka 1969, ndipo 5 ndi yochokera kumapeto kwa 1969. Chilembo L chikatsatira, galimotoyo inabadwa ndi chiwongolero cha kumanzere. Ngati lero chili kumanja, wina anaisintha, ndipo muyenera kudziwa zimenezo musanakambe za mtengo.

Kachitsulo kamatha kusamutsidwa, choncho thupi la galimoto lichitire umboni zimene kakunena. Zogwirira zitseko zokoka ndi dzanja zinatha mu 1965, m'malo mwake munabwera zodina ndi chala. Boneti inali ya aluminiyamu mpaka cha mu 1969, ndiye maginito akakana kumamatira pamenepo ndi chizindikiro chabwino pa galimoto yakale. Kuseri kwa mipando kunkakhala mabatire awiri a mavoti 6 mpaka 1974. Mabampala akuda a labala anabwera kumapeto kwa 1974, galimoto n'kukwezedwanso pang'ono kuchoka pansi. Ambiri amachotsa alabalawo n'kuika onyezimira kuti ioneke ya m'ma 1960. Si tchimo, bola wogulitsa anene.

Pali mboni zina zimene onama amaziiwala. Pa magalasi a Triplex a m'ma 1960, kadontho ka pansi pa chilembo chimodzi cha mawu akuti TOUGHENED kamanena chaka: pansi pa T ndi chaka chothera mu 1, pansi pa O ndi chothera mu 2, mpaka D yemwe ndi 9. Zipangizo zamagetsi za kampani ya Lucas monga mota ya mawaipa ndi distributor zinadindidwa sabata kapena mwezi ndi chaka. Zikagwirizana zonsezi, kusiyana miyezi yochepa chabe, galimotoyo sinaphatikizidwe kuchokera ku ziwiri.

Nambala ya injini ili pa kachitsulo ka aluminiyamu kokhomeredwa pa buloko, mbali ya mapulagi. 18G ndi 18GA ndi injini zoyamba, za mabeyaring'i atatu ogwira crankshaft. 18GB inayamba mu Okotobala 1964 ndi mabeyaring'i asanu, ndipo 18V inayamba mu 1971. Chilembo R chimanena kuti inali ndi overdrive (giya yoonjezera yoyendera pa liwiro), H kapena L amanena compression (kupanikizika kwa mpweya mu silinda) yokwera kapena yotsika. Chenjerani apa: injini ya mtundu umenewu inaikidwanso mu Austin Cambridge ndi Morris Oxford, ndipo kunja zimafanana ngati mapasa. Yang'anani pambali pa buloko. Ya MGB inalembedwa 1800 m'chitsulo momwemo. Mukaona 1622, ndiye kuti makaniko wina anazula injini ya Cambridge n'kuikamo. Ndipo mukamatumiza buloko kokatsuka, chotsani kaye kachitsuloko kapena muwauze asaiviike mu soda, chifukwa soda amasungunula aluminiyamu, nambala n'kupita yonse.

Mukakhala ndi nambala ya galimoto, lemberani ku British Motor Museum ku Gaydon, ku Britain, kumene amasunga mabuku a fakitale. Amapereka Heritage Certificate pamtengo wake, ndipo chikalatacho chimanena tsiku limene galimoto inapangidwa, tsiku limene inatuluka, mtundu wa penti ndi wa mipando, zoonjezera monga mawilo a masipoko, ndi kumene inatumizidwa. Zina zimalembedwa kuti Personal Export, kutanthauza kuti mwiniwake anaigulira ku Britain komweko kuti apite nayo kunja. Ogwira ntchito m'maiko akutali ankagula motero akapita kwawo patchuthi, ndiye mukaziona pa galimoto ya ku Zomba zisakudabwitseni.

Chikalata cha ku Gaydon chimathera pa chipata cha fakitale. Zotsatira muzifufuza kuno. Blue book yakale, ngakhale itadyedwa ndi chiswe, isatayidwe. Nambala puleti ya ZA isungidwe ngakhale mutapatsidwa yatsopano. Malisiti a m'galaja, mapepala a inshuwalansi, chithunzi cha ukwati chimene galimotoyo ikuonekera pakona, zonse zilowe mu fayilo imodzi. Ku National Archives, muno momwemuno, muli nyuzipepala zakale zimene mungapezemo malonda a magalimoto. Agogo amene ankaphika kapena kulima maluwa pakhomopo amakumbukira zambiri, ndipo ndi bwino kukhala nawo pansi n'kulemba, koma mulembe kuti awa ndi mawu a agogo akutiakuti, a tsiku lakuti, osawasakaniza ndi zimene pepala latsimikiza. Nkhani yakuti "inali ya bwanamkubwa" imamveka pa galimoto iliyonse yakale ya m'tauni muno. Popanda pepala siionjezera ngakhale tambala.

Chinanso chachikulu: magalimoto ambiri otere ndi chuma cha masiye. Amene akukugulitsani akhoza kukhala mdzukulu mmodzi mwa khumi. Funsani chikalata cha kukhoti chosonyeza woyendetsa chumacho, ndipo kalata yogulitsana isainidwe pamaso pa mboni. Kenako pitani ku Road Traffic mukaone ngati galimotoyo ili mu MalTIS, kaundula wawo wa pa kompyuta, popeza yoti inaima kompyuta isanabwere imafuna kulowetsedwa kaye. Chitani izi galimoto ikadali yovunda. Ikanyezimira, abale amene anali chete amatulukira.

Tsopano chitsulo. MGB ilibe chasisi chapadera ngati cha Land Rover chimene mungachotsepo thupi n'kusiya mafupa. Thupi lenilenilo ndilo mafupa, ndipo popeza denga palibe, chimene chimagwirizanitsa kutsogolo ndi kumbuyo ndi mabokosi awiri aatali a m'munsi mwa zitseko, amene amatchedwa sill. Lililonse lili ndi zigawo zinayi: chakunja chimene mumachiona, khoma loimirira la pakati, chamkati cha kumapazi, ndi ngalande ya pansi yotchedwa castle rail. Bokosili limapitirira kuseri kwa phiko (chitsulo chokuta wilo) la kutsogolo ndi la kumbuyo, kumene diso silifika. Matope ofiira athu amaunjikana kumeneko, amasunga chinyezi kuyambira Novembala mpaka Epulo, chiperoni n'kuonjezera chake mu Juni ndi Julayi. Dzimbiri limadya kuchokera mkati, ndipo likamaonekera kunja ngati matuza a penti, khoma la pakati linatha kale.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Onani mpata wa pakati pa chitseko ndi phiko la kumbuyo. Ukakhala wothina pamwamba, wotakasuka pansi, galimoto yagwa msana. Ikani jeke pamalo pake, kwezani pang'ono mukuyang'ana mpatawo. Ukasuntha, kapena mukamva chitsulo chikuphwanyika ngati chigumu chouma, sill yatha. Yendetsani maginito m'munsi monse: pamene akugwa pali fila. Mukatero vundukulani kapeti muone pansi popondapo, mabokosi a mabatire amene asidi amawadya, pogwirira masipuling'i a kumbuyo, pansi pa buti, ndi timabokosi ta pamwamba pa mawilo akutsogolo mkati mwa phiko. Pamwamba pa thanki pamakhala madzi ndipo pamabooka. Fungo la petulo mukadzaza thanki limachokera pamenepo. Kutsogolo kwa galasi kuli polowera mpweya, ndipo pansi pake pali kapaipi ka labala kotulutsa madzi. Masamba akakatseka, mvula imatsikira kumapazi. Mng'alu wa pa chitseko pafupi ndi kagalasi kakang'ono ndi matenda odziwika a MGB, umawotchereredwa ndi kachigamba kuseri.

Kusintha sill ndi ntchito imene siifuna changu. Yambani ndi mahinjesi a chitseko, chifukwa chitsekocho ndicho muyeso wa zonse. Mahinjesi akakhala olobodoka, mudzamanga galimoto yonse motsata chitseko chokhota. Galimoto ikhale pa simenti yosalala, yochirikizidwa bwino kutsogolo ndi kumbuyo. Wotchererani chitsulo cha engo cha mamilimita 25 chopingasa pakhomo la chitseko, mkati mwake kuti chitseko chizitha kutsekeka, ndi china chodutsa pakati pa galimoto. Masulani phiko la kutsogolo, lomwe ndi la mabawuti. La kumbuyo ndi lowotcherera, choncho mudule kachigawo ka m'munsi kokha. Gwirani mbali imodzi mpaka ithe, inayo ikhale poyang'anira. Kudula zonse ziwiri tsiku limodzi kumapinda galimoto pakati, ndipo kuiwongola kumadula kuposa kuigula.

Zigawo zinayizo gulani zopangidwa kale. British Motor Heritage ya ku Witney imazidinda, ndipo kuyambira 1988 imapanganso thupi lonse la MGB pogwiritsa ntchito zikombole zakale za fakitale. Thupi latsopano limathetsa dzimbiri tsiku limodzi, koma ndikuona kuti galimoto ya mbiri yodziwika imataya kanthu kakakulu ikasinthidwa thupi, ndiye ngati lakale lingachizike, lichizeni. Zigamba zing'onozing'ono dulani ku chitsulo chatsopano cha milimita imodzi pa khungu la kunja, ndi 1.2 pa malo onyamula katundu. Malata a denga ayi: ndi opyapyala, ndipo utsi wake powotcherera umadwalitsa. Chitsulo cha mgolo nachonso ayi.

Amisiri athu owotcherera ndi aluso, koma zida za mageti ndi mabagalabazi si za ntchito imeneyi. Ndodo ya magetsi imaboola chitsulo chopyapyala. Moto wa kabaidi umatenthetsa malo aakulu, chitsulo n'kupindika, ndipo mkuwa wothira pamwamba sugwira malo onyamula katundu. Pezani wa makina a MIG ndi waya wa mamilimita 0.6. Aboole timabowo ta mamilimita 6 mpaka 8, kusiya mpata wa mamilimita 25 kapena 30, n'kumadzaza bowo lililonse kuti zitsulo ziwiri zigwirane ngati mmene fakitale inachitira. Azidumphadumpha, osatsata mzere umodzi, kuti chitsulo chizizizira. Asanamalize, chitseko chitsekedwe n'kutsegulidwa kambirimbiri. Mabowo otulutsa madzi a pansi asatsekedwe, ndipo penti akadzatha mudzapoperemo phula loteteza dzimbiri mpaka lidonthe.

Masipanala a MGB ndi a mainchi. Ya mamilimita 13 imaoneka ngati yakwana pa nati ya theka la inchi, koma imalobodoka n'kudya makona. Gulani 7/16, 1/2, 9/16 ndi 5/8 musanayambe. Bawuti la metric lokakamizidwa mu buloko limawononga mazinga mpaka kalekale.

Injini yoti yagona zaka musaipukuse ndi batire. Chotsani mapulagi, thirani dizilo wosakaniza ndi oyilo pang'ono mu silinda iliyonse, dikirani sabata, ndiye muyese kuitembenuza ndi sipanala. Ikatembenuka, sinthani oyilo, ipukuseni popanda mapulagi mpaka geji ya oyilo ikwere. Poyesa compression chofunika ndi chakuti masilinda anayi asasiyane kupitirira 10 peresenti. Manambala adzatsikirapo poyerekeza ndi a m'buku, chifukwa Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 ndipo mpweya wake ndi wopepukirapo. Injini yabwino ikatentha imasonyeza 50 mpaka 80 psi ikuyenda, ndi 10 mpaka 25 ikungolira pamalo.

Hedi imakonda kung'aluka pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu, chifukwa ziwirizi zimatulutsira utsi pa khomo limodzi ndipo pamatentha kwambiri. Ikapimidwe musanawonongerepo ndalama. Ikakhala yabwino, aike mipando yolimba ya mavavu otulutsa utsi, popeza injiniyi inapangidwira petulo wa mtovu amene anasiya kugulitsidwa. Manati a hedi amamangidwa 45 mpaka 50 lb ft kuyambira pakati kupita kunja, a mabeyaring'i aakulu 70. Mpata wa mavavu pa injini zisanafike 18V ndi 0.015 ya inchi, injini ili yozizira, ndipo wa mapointi a mu distributor ndi womwewo. Wa mapulagi ndi 0.025. Moto umayenda 1-3-4-2. Oyilo ndi 20W-50, malita pafupifupi 4.3 pa injini zakale. Giyabokosi nayo imamwa oyilo yemweyo wa injini. Wa EP90 ndi wa difu ndi chiwongolero, ndipo mukamuthira mu giyabokosi ya overdrive mwaiwononga. Kilatchi isinthidwe injini ikadali kunja, chifukwa pa MGB simungaifikire popanda kuzula injini.

Alipo amene angakuuzeni kuti muikemo injini ya Toyota kapena Nissan, nkhani ithe. Idzayenda, koma mtengo wake kwa odziwa udzagwa. Ngati simungachitire mwina, injini yakeyake isapite kwa ogula zitsulo. Ithireni oyilo, ikulungeni, ikhale m'nyumba.

Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amafewetsa labala wakale komanso amakoka madzi. Mapaipi onse a labala odutsamo petulo asinthidwe ndi olembedwa SAE J30 R9, pamodzi ndi chikopa cha mu pampu ya petulo. Pampuyo ndi ya magetsi, ili kumbuyo pafupi ndi wilo la kumanja. Mukatsegula kiyi iyenera kugogoda mofulumira kenako n'kukhala chete. Ikapanda kugogoda, mapointi ake achita dzimbiri. Ikamagogoda osaleka, petulo akutayika penapake kapena ikukoka mpweya. Makabuleta awiri a SU ndi osavuta ngati timitsulo topingasa ta throttle sitinadyeke. Tikadyeka timalowetsa mpweya wakuba, ndipo mungachune tsiku lonse osapeza kulira kosalala. Mu timitsuko ta pamwamba muzikhala oyilo. Thermostat isachotsedwe monga mmene ambiri amachitira kuno. Ikani ya madigiri 74, imene inapangidwira maiko otentha.

Za magetsi, yambani mwadziwa ngati galimoto ndi ya positive earth (mbali ya + ya batire yolumikizidwa ku thupi la galimoto), monga zinalili zonse mpaka 1967. Kulumikiza batire mosemphanitsa kumapsereza geji yowerenga liwiro la injini ndi wailesi. Mitundu ya mawaya a Lucas ili ndi tanthauzo: wabulauni ali ndi moto nthawi zonse ndipo sadutsa pa fyuzi, woyera amayaka ndi kiyi, wobiriwira amayaka ndi kiyi kudzera pa fyuzi, wofiira ndi wa nyali zing'onozing'ono, wabuluu ndi wa nyali zazikulu, wakuda ndi wa earth. Wabulauni akakhudza thupi, galimoto imapsa. Makoswe akakhala kuti anagonamo, gulani mtolo wonse wa mawaya watsopano.

Mabuleki musakonze mwachigamba. Ambiri mwa magalimotowa ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a buleki, ndiye paipi imodzi ikaphulika mawilo onse anayi asiya kugwira. Mapaipi achitsulo ndi alabala, master cylinder, masilinda a kumbuyo ndi malabala a ma caliper, zonse zikhale zatsopano, mafuta ake DOT 4. Ma kingpin, zitsulo zimene mawilo akutsogolo amakhotererapo, amafuna girisi pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo pa fumbi lathu ndi bwino kufupikitsa. Mawilo a masipoko amafuna machubu, ndipo mano a pa habu akasongoka ngati a sowo wilo limatha kuzungulira lokha mukaponda buleki. Nati yaikulu ya mbali ya kumanja ili ndi mazinga obwerera, imamasuka mukaizungulitsa mbali imene ena amamangira. Matayala ndi 155 R14 kapena 165 R14, ndipo akale atayidwe ngakhale mapanda ake akuoneka atsopano.

Penti afike pamene zitseko, boneti ndi buti zakhala bwino popanda fila wochindikala. Mtundu weniweni mudzaupeza kuseri kwa dashibodi kapena mkati mwa chitseko, kumene dzuwa silinafike, ndipo muuyerekeze ndi dzina la pa chikalata cha ku Gaydon, kaya ndi Tartan Red, Iris Blue, Old English White kapena British Racing Green. Chitsulo chopalidwa chimachita dzimbiri usiku umodzi muno, choncho epoxy primer apoperedwe tsiku lomwelo. Boneti ya aluminiyamu isawomberedwe mchenga, imapindika. Nyengo yabwino ndi Ogasiti mpaka Okotobala, m'chipinda chothiridwa madzi pansi kuti fumbi ligone. Kompresa ikhale ndi kosefa madzi, apo ayi timatuza tidzatuluka pakatha miyezi. Wopopera penti wa 2K avale chophimba nkhope cholandira mpweya wochokera kunja, chifukwa kansalu ka pamphuno sikatchinga poizoni wake.

Injini yomangidwa kumene ikalira koyamba, isungeni pa 2,000 rpm kwa mphindi 20 kuti camshaft ikhazikike, maso ali pa geji ya oyilo ndi ya kutentha. COF ndi inshuwalansi zikatheka, maulendo oyamba akhale a pa M3 kulowera ku Domasi kapena ku Namadzi, ndipo mahampu muziwakwera chopingasa, popeza ekizozi ili masentimita 13 okha kuchoka pansi. Msewu wokwera ku Ku Chawe udikire mpaka makilomita 800 atakwana, manati a hedi atamangidwanso, mavavu atachunidwanso, oyilo atasinthidwa. Pokwera idzafooka pang'ono chifukwa mpweya umapepuka mukamakwera, musathamangire kupotokola makabuleta. Potsika gwiritsani giya yachiwiri, phazi lichoke pa kilatchi chifukwa beyaring'i yake ndi ya kaboni ndipo imadyeka msanga. Mukafika pansi imani, yandikizani dzanja pa wilo lililonse. Limene latentha kuposa anzake, buleki yake ikugwira yokha, ndipo ikonzedwe musanabwererenso kuphiri.